Amalume akuti kompyuta yamupeza Mulungu

Kavidiyoko kanafika Loweruka usiku pa gulu lathu la WhatsApp, amalume ali pa ntchito yawo yaulonda ku Sandton. Mutu wake unali wa zilembo zikuluzikulu: asayansi atsimikiza ndi kompyuta kuti Mulungu aliko. Pansi pake amalume analemba mawu awiri okha, "Aphunzitsi, yankhani." Aphunzitsiwo ndine. Ndimaphunzitsa ana masamu madzulo kuno ku Joni, ndipo pabanja pathu chilichonse chokhala ndi nambala chimagwera ine, kaya ndi kuwerengera ndalama zotumiza kumudzi, kaya chipereganyu chasokonekera. Koma mwalawo sunali wanga. Amalume amagenda mwana wawo, msuweni wanga, amene chilowere sukulu ya ukachenjede wayamba kujomba kutchalitchi ndipo chilichonse amachiyankha ndi funso lakuti, "Umboni uli kuti?"

Lamulungu titaweruka ku mapemphero tinakumana m'kachipinda ka amalume ku Rosettenville. Tinalipo anayi: amalume, msuweni, ine, ndi a telala a ku Mangochi a chipinda choyandikana, amene amasoka ku Fordsburg ndipo akamva fungo la usipa wobwera pa basi sadikira kuitanidwa. Ine ndine wopemphera, ndinene zimenezi poyambirira kuti wina asandiyese wotumidwa ndi msuweni. Koma masamu ndiwo amandidyetsa, ndipo zimandiwawa kuwaona akusenzetsedwa katundu woposa msinkhu wawo. M'masamu muli chinthu chotchedwa chitsimikizo: ukachimaliza, wotsutsa alibenso ponena. Pabwalo la amfumu pali china, umboni, umene umalemera kapena kupepuka, ndipo akuluakulu awiri anzeru angaumve limodzi n'kusiyana chigamulo. Zambiri zoyenda m'mafoni mwathu zimatenga umboni n'kuuveka malaya a chitsimikizo.

Kavidiyo ka amalume sikanali bodza lokhalokha. Kurt Gödel, wobadwa mu 1906 mumzinda wa Brno, anali katswiri wa masamu woopedwa ndi akatswiri anzake, mnzake woyenda naye wa Albert Einstein ku Princeton. Kwa zaka zambiri ankasunga m'makope ake mizere yochepa yolembedwa m'zizindikiro za masamu, yofuna kusonyeza kuti Mulungu aliko. Anaionetsa kwa katswiri mnzake Dana Scott mu 1970, ndipo inasindikizidwa mwiniwake atamwalira kale. Muzu wa ganizoli ndi wakale, unachokera kwa Anselm, mmonke amene analemba zake cha m'ma 1078. Mwachidule likuyenda motere. Titchule Mulungu kuti ndi amene ali ndi makhalidwe onse abwino, osasowa n'limodzi lomwe. Tivomereze kuti khalidwe likakhala labwino, lotsutsana nalo silingakhalenso labwino. Tivomereze kuti umulungu ndi khalidwe labwino. Tivomerezenso kuti kukhalapo mosalephera, koti sikukanatheka kusakhalapo, ndi khalidwe labwino. Mukavomera zimenezi ndi zina zochepa, masitepe otsatira amakufikitsani poti n'zotheka kuti wotereyu aliko, ndipo ngati n'zotheka, ndiye kuti aliko ndithu.

Mu 2013 akatswiri a kompyuta Christoph Benzmüller ndi Bruno Woltzenlogel Paleo anaika masitepewo mu kompyuta, ndipo inavomereza kuti akulondolozana bwino. Nkhani yonse ndi imeneyo. Kompyutayo inagwira ntchito ya mlembi wa chipereganyu, kuona ngati kuphatikiza kwa m'kope kwayenda bwino. Kaya ndalama zolembedwazo zilimodi m'thumba, imeneyo sinali ntchito yake.

Amalume sanakhutire. "Mphwanga, masamu amanama?" Ndinatenga lalanje limene linali pawindo ndi cholembera. Tonse tinaloweza kusukulu kuti makona atatu a thirayango akaphatikizidwa amakwana madigiri 180. Ndinajambula mzere kuchokera pamutu pa lalanje mpaka pamimba pake, n'kukhota kuyenda m'mimbamo gawo limodzi mwa magawo anayi, n'kukhotanso kubwerera pamutu. Makona atatu, lililonse la madigiri 90, onse pamodzi 270. Aphunzitsi athu sanatinamize. Chitsimikizo cha 180 chimayamba ndi kuvomera kuti tikujambula pamalo athyathyathya. Masamu onse ali chomwecho: amanyamula zimene wawapatsa poyambira n'kukazitula kumapeto osataya kanthu panjira, koma sawonjezapo chimene sunaikemo. Munthu amene sakhulupirira Mulungu sakangana ndi masitepe a Gödel. Amangoima pa "tivomereze" wachiwiri kapena wachitatu n'kunena kuti ine sindikuvomera.

Pali zinanso zimene kavidiyoko sikanatchule. Akatswiri omwewo anapeza kuti mfundo zoyambira, monga momwe Gödel mwiniwake anazilembera, zinkatsutsana zokhazokha, ndipo zimene zinapirira mayeso ndi zimene Scott anazikonza pang'ono. Ndipo kale mu 1987 Jordan Howard Sobel anali atasonyeza kuti ukavomera mfundozo, wavomeranso kuti chilichonse chimene chachitika sichikanatheka kuchitika mwina. Ndinawafunsa amalume ngati monga mkulu wa mpingo angalalikire kuti wakuba sakanatha kusankha kusaba. Anangoseka.

Ena amayesa njira ya masamu a mwayi. Lamulo lake linachokera kwa Thomas Bayes, m'busa wa mpingo wa Presbyterian ku England, amene ntchito yake inasindikizidwa mu 1763 atamwalira, ndipo amalume, amene anakulira mu CCAP, anakondwa kumva kuti ndi wakwawo. Lamuloli limakuuza mmene uyenera kusinthira chikhulupiriro chako ukalandira umboni watsopano. Mu 2003 wasayansi Stephen Unwin anayambira pa 50 mwa 100, n'kuikapo zabwino ndi zoipa za m'dziko, ndipo anapeza kuti mwayi woti Mulungu aliko ndi 67 mwa 100. Michael Shermer, wokayika, anatenga njira yomweyo n'kuikamo manambala ake, anapeza 2 mwa 100. Chigayo n'chimodzi, koma aliyense anabwera ndi chimanga chake.

A telala anali chete nthawi yonseyi, akutola minga. Kenaka anati, "Achimwene, ife kumadarasa anatiphunzitsa zosavuta. Chilichonse chimene chinayamba chili ndi wochiyambitsa. Dziko linayamba. Basi." Mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa ya Gödel, ndipo a telala ali ndi ufulu woitcha yawo, chifukwa amene anainola kwambiri ndi al-Ghazali, mphunzitsi wachisilamu wa ku Baghdad amene anamwalira mu 1111. Masiku ano alaliki achikhristu ambiri amaitenga kudzera kwa William Lane Craig, katswiri wa filosofi wa ku America. Kwa zaka mazanamazana pofooka pake panali pa chiganizo chachiwiri. Adziwa ndani kuti chilengedwe chinayamba? Mwina chinangokhalapo chikhalire.

Apa sayansi inalowererapo zenizeni. Kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi imodzi, koma thambo ndi lalikulu moti kumachedwabe. Nyenyezi yoyandikana kwambiri ndi dzuwa lathu, Proxima Centauri, anaitulukira Robert Innes mu 1915 konkuno ku Johannesburg, pamtunda paja pamene dera lake mpaka lero limatchedwa Observatory, ndipo kuwala kwake kumayenda zaka zoposa 4 kuti kutipeze. Choncho kuyang'ana kutali ndi kuyang'ana kale. Mu 1927 Georges Lemaître, wansembe wa Katolika wa ku Belgium amenenso anali katswiri wa fizikisi, anawerengera kuchokera pa masamu a Einstein kuti chilengedwe chikufutukuka. Mu 1929 Edwin Hubble anasonyeza kuti milalang'amba yakutali ikutithawa, ndipo yotalikira kwambiri ndiyo ikuthawa mwaliwiro kwambiri. Ukabweza nkhaniyi m'mbuyo, zonse zimasonkhana pamodzi, zothinana ndi zotentha koopsa. Mawerengedwe a lero akuti zimenezi zinali zaka pafupifupi 13.8 biliyoni zapitazo.

Asayansi ena sanaikonde nkhaniyi, ankaimva fungo la Genesis. Fred Hoyle, amene anaitsutsa mpaka imfa yake, ndiye anaipatsa dzina lakuti Big Bang akulankhula pa wailesi ya BBC mu 1949. Mlandu unagamulidwa mwangozi. Mu 1964 Arno Penzias ndi Robert Wilson ku New Jersey ankavutika ndi kaphokoso kosatha m'chipangizo chawo cholandirira mafunde a wailesi. Anaganizira nkhunda zimene zinamanga chisa m'menemo, anazichotsa, anakolopa zitosi, kaphokoso kali pomwepo, kochokera mbali zonse za thambo usana ndi usiku. Kanali kutentha kotsalira kwa chiyambi chija, ngati phulusa lofunda m'mawa pamene panali moto usiku.

Amalume anawomba m'manja. Koma wansembe uja sanawombe. Mu 1951 Papa Pius XII atalankhula ngati kuti sayansi yatsimikiza kulenga kwa m'Baibulo, Lemaître sanakondwe nazo, ndipo anayesetsa kuti nkhani ziwirizi zisasakanizidwe. Ankadziwa malire a masamu ake. Fizikisi yathu imafotokoza bwino kuyambira pamene chilengedwe chinali chothinana ndi chotentha kubwera kuno. Ukayandikira pa chiyambi penipenipo masamu a Einstein amasiya kugwira ntchito, ndipo olowa m'malo mwake sanapezeke. Alaliki amakonda kutchula zimene Arvind Borde, Alan Guth ndi Alexander Vilenkin anasonyeza mu 2003, kuti chilengedwe chimene chakhala chikufutukuka sichingalondoledwe m'mbuyo mpaka kalekale wopanda malire. Ndi zoona, koma chimene akunena n'chakuti pamalirepo pakufunika fizikisi ina, ndipo Vilenkin mwiniwake sakutengapo kuti Mulungu watsimikizika. Palinso vuto la mawu. Tikamati ichi chayambitsa icho, timatanthauza kuti china chinatsogola, china n'kutsatira. Ngati nthawi yomweyo inayambira pamenepo, mawu akuti "chisanayambe" akuloza kuti?

Msuweni anafunsa funso la ana onse: "Nanga Mulunguyo anamulenga ndani?" A telala anayankha bwino, kuti mfundo yawo ikunena za zinthu zoyamba, ndipo Mulungu sanayambe. Msuweni anabwezanso bwino, kuti ngati pali chinthu chololedwa kukhalapo popanda chiyambi, bwanji chisakhale malamulo a chilengedwe enieniwo? Apa palibe amene anagwetsa mnzake. Onse awiri akuvomera kuti kufunsa "chifukwa chiyani" kuli ndi pothera. Akusiyana pa chimene chili pamatheropo, kaya ndi Wina wodziwa ndi wofuna, kaya ndi chinthu chongokhalapo. Makina oonera nyenyezi sangathetse mlandu umenewo.

Pali mtundu wina wa mfundo umene ndimalakalaka abale anga atautaya: asayansi alephera kufotokoza chakuti, choncho ndi Mulungu. Isaac Newton yemwe anagwamo. Ankaona kuti mapulaneti akamakokana angasokonezane njira, ndipo anaganiza kuti Mulungu amabwera nthawi ndi nthawi kudzawongola. Patapita zaka pafupifupi 100 Pierre-Simon Laplace anasonyeza kuti kusokonezanako kwakukulu kumadzibweza kokha. William Paley mu 1802 anati diso lili ngati wotchi yotoledwa kutchire, liyenera kukhala ndi wolipanga, ndipo mu 1859 Charles Darwin anafotokoza njira imene zamoyo zimasinthira pang'onopang'ono. Mafupa ake sitichita kuwafunira kunja: ku Sterkfontein, ulendo wa ola limodzi kuchokera m'tauni muno, Robert Broom anafukula mu 1947 chigaza cha zaka zoposa 2 miliyoni. Amene anachenjeza Akhristu msanga za msampha umenewu ndi Henry Drummond, mlaliki wa ku Scotland amene ankaphunzitsanso sayansi, yemwe anafika kunyanja kwathu mu 1883. Anadzudzula anthu ofunafuna mipata m'chidziwitso kuti aikemo Mulungu. Mulungu wokhala m'ming'alu ya khoma amasamuka tsiku limene womata wafika. Francis Collins, amene anatsogolera ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu, ndi Mkhristu ndipo amavomereza kusintha kwa zamoyo popanda kuona kuti wataya kanthu.

Mfundo imene asayansi osapemphera amakanda nayo mutu ndi ina, ndipo ndinaiyambira pa makina a telala. Ndinawafunsa chimene chimachitika tenshoni ikalakwika. "Ukamanga kwambiri ulusi umaduka," anatero. "Ukamasula, kunsi kwa nsalu kumatuluka zisa. Pabwino pake ndi pang'ono chabe." Chilengedwe chilinso ndi timanambala tingapo totere, timene masamu athu satiuza kuti tikhale bwanji, timangotiyeza: kulimba kwa mphamvu yokoka, kulimba kwa mphamvu yomanga mtima wa atomu, kulemera kwa tizidutswa ta m'katimo. Akatswiri akayesa pa pepala kupotoza timanambalati pang'ono, nthawi zambiri chimatuluka ndi chilengedwe chopanda nyenyezi, kapena chopanda maatomu okhalitsa.

Mwachitsanzo, mwa tizidutswa ta mitundu iwiri ta mumtima wa atomu, nyutuloni imalemera kuposa pulotoni ndi kachigawo kochepera 2 mwa 1,000. Zikanakhala mosemphana, mapulotoni akanamasanduka manyutuloni, hayidirojeni sakanakhalitsa, ndipo popanda hayidirojeni palibe madzi.

Chitsanzo cha kaboni ndimachikonda chifukwa cha mwini nkhani. Chilengedwe chitangoyamba munali hayidirojeni ndi heliyamu, n'tina tochepa. Zina zonse zinaphikidwa m'nyenyezi pambuyo pake. Ngakhale golide amene anapezeka kuno mu 1886, amene anakokera agogo athu kumigodi kudzera pa Wenela, sanapangikire m'nthaka ya Joni. Anapangika kuthambo dzuwa lisanakhaleko, ndipo mu 2017 asayansi anaona nyenyezi ziwiri zakufa zikuwombana n'kutulutsa zitsulo zolemera za mtundu umenewo. Tsono kaboni, amene ndi msana wa thupi la chamoyo chilichonse, amafuna kuti maheliyamu atatu aphatikizane. Awiri akagwirana amapanga atomu ya beryllium yosakhalitsa, imene imasweka m'kanthawi kochepa kosaneneka, ndipo wachitatu ayenera kufika isanasweke. Mwa mawerengedwe a nthawiyo, kaboni akanakhala wosowa kwambiri. Mu 1953 Hoyle yemwe uja anati popeza kaboni ngwochuluka, mtima wa atomu yake uyenera kukhala ndi mlingo wina wa mphamvu wothandiza kugwiranako, ndipo anatchula pamene uyenera kupezeka. Ku Caltech, sukulu ya ukachenjede ya ku America, anayeza, anaupeza pafupi penipeni ndi pamene ananena. Munthu wosapembedzayu anadzalemba pambuyo pake kuti zikuoneka ngati nzeru ina yoposa inaseweretsa fizikisi. Ndiwonjeze kuti akatswiri ena anawerengeranso n'kupeza kuti mpata wake si wopapatiza monga ankaganizira poyamba.

Nambala yozunguza mutu kwambiri ndi ya mphamvu imene ili m'malo opanda kanthu. Mu 1998 magulu awiri a asayansi anapeza kuti kufutukuka kwa chilengedwe kukuwonjezera liwiro, ngati pali chokankha. Akawerengera kukula kwa mphamvuyo ndi fizikisi ya tizidutswa ting'onoting'ono, yankho limaposa zimene amayeza kuthambo ndi nambala yofika 1 wotsatiridwa ndi maziro 120. Amalume anatembenuza lisiti la m'sitolo n'kuyamba kulemba maziro, pepala linatha asanafike 50. Maatomu onse a m'chilengedwe chimene timatha kuona ndi pafupifupi 1 wotsatiridwa ndi maziro 80. Steven Weinberg, wosakhulupirira Mulungu wodziwika, anali atasonyeza kale mu 1987 kuti mphamvuyi ikanakhala yokulirapo kwambiri, zinthu zikanamwazikana zisanaundane kukhala milalang'amba.

"Ndiye mukufunanso chiyani?" anatero amalume. Ndinawakumbutsa za Lachiwiri, pa 1 Disembala 2020. Manambala a lotale ya PowerBall usiku umenewo anatuluka 5, 6, 7, 8, 9, ndi 10, ndipo anthu 20 anagawana mphotho, aliyense ma rand pafupifupi 5.7 miliyoni. M'matakisi m'mawa mwake nkhani inali imodzi, kuti pachitika zachinyengo. Koma m'masewerawo munali mipira 50 yosankhapo isanu, ndi ina 20 yosankhapo umodzi, ndipo mndandanda uliwonse unali ndi mwayi wofanana, umodzi mwa 42,375,200. Manambala osakanikirana a sabata ina iliyonse ndi osowa chimodzimodzi, koma palibe amadandaula. Kusowa pakokha si umboni wa dzanja la munthu. Chimene chinadzutsa anthu n'chakuti manambalawa ali ndi dongosolo lodziwika kale. Ndipo yankho lake lilipo losafuna wakuba: masewera otere amachitika kambirimbiri m'maiko ambiri, tsiku lina zoterezi ziyenera kutuluka, ndipo anthu ambiri amakonda kulemba manambala otsatizana, n'chifukwa chake opambana anachuluka.

Tinatha kuweruza nkhani ya PowerBall chifukwa tikuudziwa mgolo: mipira ingati, kugwedeza kangati. Za chilengedwe sitidziwa kuti mumgolo muli mipira ingati, kaya timanambala tija tikanathadi kukhala tina, ndipo taona kugwedeza kumodzi kokha. Aliyense wokuuzani kuti mwayi woti chilengedwe chikhale chonchi ndi umodzi mwa zakutizakuti wayamba waganizira yekha kukula kwa mgolo.

Mayankho amene ali pabwalo ndi atatu. Mwina pali lamulo lakuya limene sitinalipeze, lokakamiza manambalawa kukhala momwe alili. Mwina kugwedeza kunachitika kosawerengeka, kuli zilengedwe zambirimbiri, chilichonse ndi manambala ake, ndipo ife tapezeka m'chimene chingasunge moyo chifukwa kwinako kulibe wofunsa. Kapena pali amene anafuna kuti zikhale chonchi. Msuweni anathamangira kunena kuti palibe chodabwitsa, zikanakhala zina sitikanakhalapo kuti tidabwe. Ganizoli lili ndi mwini, Brandon Carter, amene analitchula mu 1973. John Leslie analiyankha ndi fanizo: wamangidwa pamtengo, asilikali 50 odziwa kuwombera akulozetsa mfuti, zalira zonse, iwe uli moyo. N'zoona kuti akanapanda kuphonya sukanakhalapo kuti ufunse. Koma ungapite kunyumba osafunsa chifukwa chake onse 50 aphonya? Yankho la msuweni limagwira ntchito pokhapokha ngati omangidwa pamitengo anali miyandamiyanda, ndiye kuti labwerera ku zilengedwe zambirimbiri zija.

Ganizo la zilengedwe zambiri silinapekedwe pongofuna kuthawa Mulungu, limatuluka m'masamu ena ofotokoza kufutukuka kwa poyambirira. Koma palibe amene anaonapo chilengedwe china, ndipo mwina sizidzatheka. Mmodzi mwa olankhula mwamphamvu za vutoli ndi mwana wa mzinda uno, George Ellis, wobadwira ku Johannesburg mu 1939, amene analemba buku limodzi ndi Stephen Hawking mu 1973 ndipo waphunzitsa zaka zambiri ku Cape Town. Iye ndi wopemphera, wa mpingo wa Quaker. Mfundo yake ndi yakuti chinthu chosayezeka tisachitche sayansi yotsimikizika. Mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse: umadula wonena kuti sayansi yapeza zilengedwe zina, umadulanso wonena kuti sayansi yapeza Mlengi.

Ine chimene chimandigwira mtima si maziro 120. Ndi chakuti masamu amagwira ntchito n'komwe. Mu 1846 Urbain Le Verrier ku Paris anaona kuti pulaneti ya Uranus ikuyenda mokhota pang'ono, anakhala pansi ndi pepala, n'kulembera kalata Johann Galle ku Berlin kuti aloze makina ake pamalo akutiakuti. Usiku womwe kalata inafika, pa 23 Sepitembala, Neptune inapezeka, osaphonya ndi digiri yathunthu. M'zaka za m'ma 1860 James Clerk Maxwell analemba masamu a magetsi ndi maginito amene ananeneratu za mafunde osaoneka, Heinrich Hertz anadzawapanga patapita zaka zoposa 20, ndipo ndi mafunde omwewo amene anabweretsa kavidiyo mufoni ya amalume. Mu 1928 Paul Dirac analemba masamu a elekitironi amene anatulutsa yankho lachiwiri losayembekezeka, ndipo mu 1932 kachidutswa koyenderana ndi yankholo kanapezeka. Eugene Wigner analemba mu 1960 kuti kugwira ntchito kwa masamu kotereku n'kopitirira zimene tikanayembekezera.

Wokayika ali ndi poyankha. Masamu tinawaphunzira poyang'ana dziko lomweli, ndiye n'zosadabwitsa kuti akulifanana. Timakumbukira amene analosera bwino n'kuiwala amene anaphonya: Le Verrier yemweyo analoseranso pulaneti ina pafupi ndi dzuwa, anaitcha Vulcan, ndipo kulibe. Ndimavomera zonsezi. Komabe ubongo umene unakula powerenga mbuzi ndi kuzemba mikango, unafika bwanji polemba pa pepala za kachidutswa kamene palibe anakaonapo, dziko n'kuvomera? Kwa munthu wokhulupirira kuti kuseri kwa zonse kuli Nzeru, zimenezi n'zoyembekezeka. Kwa wosakhulupirira ndi mwayi waukulu wongolandira. Kwa ine umenewu ndi umboni, ndipo umalemera. Sindingaulembe pa bolodi n'kutseka ndi mzere pansi monga ndimachitira ndi thirayango.

Msuweni, amene anali atafatsa, anati, "Adadi, ngati tikuika zinthu pa sikelo, tiikepo zonse." Anatchula namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, matope otsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe, anthu oposa 1,000 akufa kapena kusowa m'dziko lathu. Malamulo omwewo amene anaphika kaboni ndi amene anagumula phirilo. M'chipindamo munakhala zii. Ananena zoona, ndipo wofuna kugwiritsa ntchito masamu a Bayes alibe chilolezo chosankha umboni womukomera wokha. Ndinawonjeza china chimene amalume ndi a telala sanachiganizire atagwirizana masana onse: mfundo zonsezi, zitapambana, zingakufikitseni kwa Woyambitsa wanzeru ndi wamphamvu. Sizinena ngati ali ndi Mwana, ngati anatuma mneneri, kapena ngati amamva pemphero la mlonda pa geti. Awiriwo anayang'anana n'kuseka.

Amalume anasamba m'manja, n'kunena kuti agogo awo ankathira nsembe kwa Chauta, ankamutcha Namalenga ndi Mphambe, mzungu asanabwere ndi buku kapena wotchi, ndipo sanadikire kompyuta. Msuweni anati ndiye kavidiyo kaja kanali ka chiyani. "Kanali ka iwe," anatero bambo ake, akuvala jekete ya yunifolomu. A telala anatuluka kukaswali. Pondiperekeza kokwerera takisi msuweni anandifunsa kalembedwe ka dzina la Ellis, n'kulisunga mufoni.

Cha m'ma 2 koloko usiku foni inalira. Amalume anali atatumiza chithunzi cha thambo la ku Sandton, lofiirira ndi magetsi a m'misewu, lopanda kanthu. "Aphunzitsi, nyenyezi zanu zija kuno sizikuoneka." M'mawa ndinapeza kuti kavidiyo kaja akatumizanso ku gulu la amvano ndi la madodana.